Woimba akaitanidwa kundale: yankho kwa amalume a ku Ulongwe

Sabata ino ndikuyankha imelo ya bambo wina wa ku Ulongwe, wathu wa ku Angónia kuno, osati wa ku Balaka uja. Dzina ndawasungira. Kalatayo ndaidula, koma mtima wake ndi uwu:

"Mwana wa mlongo wanga amaimba. Anayambira kukwaya, pano ali ndi kagulu kake, amaimba m'maukwati ndi m'malo omwera. Nyimbo yake ina yodandaula za mtengo wa mbatata ndi feteleza yafala m'mafoni mpaka ku Domwe ndi ku Tsangano. Tsopano akuluakulu a chipani china ayamba kumuyendera. Akuti aziimba pamisonkhano yawo, ndipo chisankho chikadzafika adzamuika pamndandanda wa oimira chipani. Iye zamulowa, akungoti adzakhala ngati Soja Lucius Banda. Ine nyimbo za Soja ndimazidziwa, koma za ndale zake ndinkangomva patalipatali. Zinamuyendera bwanji? Monga malume wake, ndimuletse kapena ndimusiye?"

Amalume, kumuletsa musamuletse. Mnyamata amene wamva anthu akuimba mawu ake pamsika simungamubweze ndi ukali, mungodana naye, ndipo tsiku limene zidzamuvute sadzabwera kwa inu. Koma poti watchula yekha dzina la Soja, mugwireni pomwepo. Mbiri ya Lucius Banda anyamata ambiri amaidziwa theka, theka lokomalo.

Lucius anabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi wa Sosola ku Balaka. Kuimba anakuphunzirira mu Alleluya Band, gulu limene linabadwira mu mpingo wa Katolika ku Balaka komweko, lotsogozedwa ndi mkulu wake Paul Banda. Analowa ali kamnyamata, ndipo anatha zaka zambiri ali kumbuyo kwa ena asanatulutse chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chimene anakajambulira ku South Africa n'kuchitulutsa mu 1994. Chakachi muchione bwino. Mu Malichi 1992 maepiskopi a Katolika anali atalemba kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu. Mu Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri pa riferendamu, ndipo mu Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana. Anthu anali ndi zaka makumi atatu za mawu otsekeredwa pakhosi, ndiye kunangotulukira mnyamata wa ku Balaka akuimba za mabala amene ulamuliro uja unasiya. Luso anali nalo, palibe angatsutse. Koma anafikanso pa nthawi yake yeniyeni, anthu ali ndi njala yomva munthu akunena poyera.

Ife a m'malire sitinamumve ngati mlendo. Nkhondo ya kuno itatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, mabanja amene anathawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza anayamba kubwerera, ndipo m'mitolo yawo munali mawailesi ndi makaseti. Amene munakula nthawi imeneyo mukukumbuka mnyamata wogulitsa makaseti pa Lizulu, pamene msewu womwewo ndiwo malire, wailesi ili paphewa, batire zomangidwa ndi mphira kunja kwake. Kaseti ikafika kumapeto sankaibweza ndi wailesi ayi, kuopa kutha batire. Ankalowetsa cholembera pabowo n'kumaizunguza m'mwamba mpaka ibwerere poyambira. Nyimbo zambiri zimene zinkazunguzidwa choncho zinali za ku Balaka. Amene ankagula sankafunsa kuti woimbayo ndi wa chipani chanji, ndipo wa Frelimo ndi wa Renamo ankavinira pamodzi paukwati, aliyense akuganiza kuti wonenedwa m'nyimboyo ndi mnzakeyo.

Mu 1997 anayambitsa gulu lakelake, Zembani Band. Boma la Muluzi silinapulumuke pakamwa pake: ankaimba za katangale, za umphawi wosasuntha pamene ochepa akulemera, za malonjezo ongothera pamsonkhano. Dzina loti msilikali wa amphawi linakhazikika m'zaka zimenezi. Chinanso chimene anyamata amaiwala n'chakuti kumenyera anthu kwake sikunali kwa pakamwa pokha. Oimba ambiri amene anadzatchuka ku Malawi anadutsa m'manja mwake kapena anakulira m'bwalo lomwelo la ku Balaka, ndipo gulu lake linkadyetsa mabanja: oliza zida, ovina, oyendetsa galimoto, onyamula zimkuzamawu. Asanapemphe voti ya munthu, anali kale ndi anthu omutchula kuti bwana chifukwa cha malipiro a kumapeto kwa mwezi. Mumufunse mwana wa mlongo wanuyo kuti iye pakali pano akudyetsa angati.

Tsono ndale. Muluzi atalephera kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu, anasankha Bingu wa Mutharika kuti aimire chipani chake cha UDF mu 2004. Lucius anavala chikasu cha UDF, anaimbira chipanicho, ndipo iye mwini anapambana mpando wa phungu wa Balaka North. Kwa ambiri amene ankamukonda, pamenepa m'pamene panayambira kung'ung'udza: munthu amene ankadzudzula boma ndi yemwe uja wakwera nawo nsanja? Ena anamukhululukira, ena sanatero mpaka imfa yake. Ine ndimaona kuti kuyambira tsiku limenelo nyimbo yake iliyonse inayamba kufunsidwa funso limene kale sinkafunsidwa, loti kodi waimba chifukwa zamupweteka kapena chifukwa amutuma. Funso limeneli likangomatirira pa woimba silichoka, ngakhale aimbe zoona zokhazokha.

Zinthu zinatembenuka msanga. Mu Febuluwale 2005 Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa chipani chake cha DPP, ndipo chipani chimene chinapambana chisankho chinangopezeka chili kotsutsa. UDF inafuna kubwezera. M'chaka chomwecho Lucius ndiye anaimirira m'nyumba ya malamulo kubweretsa ganizo lokhazikitsa ndondomeko yochotsera pulezidenti pampando. Sipanapite nthawi, apolisi anamugwira. Mlandu sunali wa nyimbo, sunalinso wa zimene ananena m'nyumbamo. Unali wa satifiketi ya kusekondale ya MSCE imene anapereka polembetsa kuti apikisane nawo, imene boma linati ndi yachinyengo. Malamulo a ku Malawi amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo pepala la sukulu ndilo linkakhala umboni wachidule. Mu Ogasiti 2006 khoti linamupeza wolakwa n'kumugamula miyezi 21 ya ukaidi. Mpando unapita. Anakalowa kundende ya Zomba, ndipo anatuluka mu Novembala chaka chomwecho atachita apilo.

Apa anthu amakonda kusankha mbali imodzi, koma mbali zonse ziwiri n'zoona. Khoti linapeza kuti pepalalo linali lolakwika. Komanso pepala lomwelo linagona m'mafailo osakhudzidwa mpaka tsiku limene mwini wake analoza chala pampando waukulu. Ndale zimasunga zofooka za munthu mwakachetechete, osati kuti zamukhululukira, koma kudikira tsiku lozifuna. N'chifukwa chake, amalume, musanakambe naye za misonkhano, khalani naye pansi mufufuze: ngongole imene anathawa, mwana amene anamukana, pepala la sukulu limene mnzake anamukonzera, njinga yamoto imene inalowa m'dziko modutsira kutchire. Inu monga malume mukuzidziwa zimene mayi ake sazidziwa. Zimene inu mukudziwa, a chipani chinacho adzazidziwanso, ndipo a chipani chake chomwe ndiwo adzayambe kuzidziwa.

Ndende sinamuthe Lucius, mwina inamubwezera kwa anthu. Anatulutsa chimbale chotchedwa Cell 51 Maximum, ndipo m'chigawo chachiwiri cha Bingu, pamene mafuta ankasowa ndipo anthu 20 anaphedwa pa zionetsero za mu Julayi 2011, mawu ake anali m'gulu la mawu olimba kwambiri. Wailesi ya boma ya MBC inaleka kuulutsa nyimbo zake, koma m'maminibasi zinkalira tsiku lonse. Ndi m'nyengo yomweyi pamene anayambitsa Sand Music Festival, chikondwerero cha m'mphepete mwa nyanja chimene chinkabweretsa oimba a m'maiko ena. Onetsetsani: zaka zimene anali kunja kwa nyumba ya malamulo ndi zimene anali woopsa kwambiri kwa olamula.

Mu 2014 anthu a Balaka North anamubwezera mpando, ali wa UDF. Chimene ndimamulemekezera kwambiri chinachitika apa. Mtsogoleri wa chipani chake, Atupele Muluzi, mwana wa Bakili, analowa m'nduna za pulezidenti Peter Mutharika, ndipo aphungu a UDF anasamukira kumipando ya mbali ya boma. Lucius anakana, anatsala yekha kotsutsa. Kumeneko kunali kusiya mwayi wa unduna, kusiya ubale ndi banja limene linamulowetsa m'ndale. Mu 2018 anatsatira wachiwiri kwa pulezidenti, Saulos Chilima, ku chipani chatsopano cha UTM n'kukhala mmodzi wa otsogolera kampeni, koma mu 2019 mpando wa Balaka North unamuchoka. Anthu omwe ankadzaza mabwalo kudzavina nyimbo zake anakavotera wina. Khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo Lazarus Chakwera atapambana cha pa 23 Juni 2020 mumgwirizano ndi Chilima, Lucius anasankhidwa kukhala mlangizi wa pulezidenti pa za achinyamata ndi luso.

Gawo lomalizali n'lovuta kulikamba chifukwa munthuyo anali akudwala impso. Komabe tisabise. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ife ogulitsa mbatata ndi nyemba kwa Amalawi tinazimva m'matumba mwathu. Anthu ankafunsa kuti Soja ali kuti. Anali m'boma. Mlangizi amalangiza m'chipinda, chitseko chili chotseka, ndipo wakunja sadziwa ngati analankhula kapena anangokhala chete. Anamwalira pa 30 Juni 2024 kuchipatala ku Johannesburg ali ndi zaka 53, patangotha masabata atatu Chilima atafa pangozi ya ndege ku Chikangawa, ndipo anaikidwa kwawo ku Balaka. Pamaliro pake a zipani zonse anaimba nyimbo zake. Ndi ochepa amene anatchulapo lamulo kapena chitukuko chimene anasiya monga phungu.

Mbiri ndi imeneyo. Koma pali china chimene mwana wa mlongo wanu ayenera kumva kuposa zonsezi, chifukwa iye si wa ku Balaka. Njira imene Lucius anadzera kuno kulibe.

Ku Malawi dera lililonse limasankha phungu wake mmodzi. Nkhope ya munthu imakhala papepala lovotera, ndipo chipani chikamukana angathe kuima payekha. Kutchuka kumasanduka mavoti ake a iye mwini, n'chifukwa chake Lucius anatha kuuza chipani chake kuti ine sindisuntha. Kuno ku Mozambique mipando 248 mwa 250 ya nyumba ya malamulo, Assembleia da República, imagawidwa potsata mavoti a chipani m'chigawo chonse. Tete yense, kuyambira Zumbo mpaka Mutarara, ndi dera limodzi, ndipo mu 2024 linali ndi mipando 23. Wovota amachonga chizindikiro cha chipani, osati dzina la woimba. Chipani ndicho chimalemba mndandanda, ndicho chimasankha woyamba ndi wotsiriza, ndipo chikapeza mipando isanu amalowa asanu oyambirirawo basi. Phungu akalowa chipani china, mpando amausiya. Ngakhale m'mamunisipiyo ngati Ulongwe, Moatize ndi mzinda wa Tete, kuyambira 2018 meya savoteredwa payekha: amene ali pamwamba pa mndandanda umene wapambana, cabeça de lista uja, ndiye amatenga mpando.

Tsono akuluakuluwo akati "tidzakuika pamndandanda" sananene kanthu. Funso n'lakuti mndandanda uti, wa ku Maputo, wa nyumba ya chigawo kapena wa munisipiyo, ndipo pa nambala yanji. Chipani chimene chisankho chathachi chinapeza mipando itatu chikakuika pa nambala 15, wakhala ngati woitanira pa siteji ya shapa: wakuwa mpaka mawu kusasa, galimoto yadzaza, yanyamuka, iwe watsala pomwepo ndi ndalama yachitsulo m'manja. Afunsenso kuti amene akumulonjezayo ndi amene amalemba mndandanda kapena ayi. Kawirikawiri oyendera anyamata m'mabairo si amene amakhala pamsonkhano wotseka mayina.

Khomo lina lilipo limene ambiri salidziwa. Pa chisankho cha munisipiyo, gulu la nzika losakhala chipani limaloledwa kupereka mndandanda wake likakwaniritsa zofunika za bungwe loyendetsa chisankho. N'kovuta, kumafuna masiginecha, mapepala ndi ndalama, koma kumeneko dzina la munthu wodziwika kwawo limalemerako. Ngati mtima wake uli pa misika, misewu ya m'tauni, madzi ndi misonkho ya ogulitsa, nkhani zimenezi zimakambidwa kumunisipiyo, osati ku Maputo. Ndipo ku Maputo zokambirana zimayenda m'Chipwitikizi, ndi mapepala ochindikala a bajeti. Woimba amene amagwedeza bwalo m'Chichewa angathe kukakhala zaka zisanu kumpando wakumbuyo akungoimika dzanja.

Mumukumbutsenso za wathu wa kuno. Woimba Azagaia, dzina lake lenileni Edson da Luz, sanakhalepo phungu, meya kapena nduna. Pambuyo pa zipolowe za mtengo wa shapa ku Maputo mu Febuluwale 2008 anatulutsa nyimbo ya Povo no Poder, kutanthauza kuti anthu paulamuliro, ndipo anaitanidwa kukafunsidwa ku ofesi ya woimira boma pa milandu. Atamwalira pa 9 Malichi 2023, achinyamata amene anafuna kuyenda pomukumbukira pa 18 Malichi anabalalitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo mawu a nyimbo ija ndi amene anamvekanso m'misewu pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala 2024. Sindikunena kuti njira imeneyo ndi yofewa, ndipo sindingauze mwana wa eni kuti akaime kutsogolo kwa mfuti. Ndikungoti amene akuganiza kuti mawu amayamba kulemera munthu akapeza mpando ayang'ane kaye kumeneko.

Kunjaku zitsanzo zilipo za mbali zonse. Woimba Bobi Wine wa ku Uganda anapambana mpando wa Kyadondo East mu 2017 ataima payekha, chinthu chimene malamulo athu a uphungu salola. Chaka chotsatira dalaivala wake anawomberedwa ku Arua, iye anamangidwa n'kutuluka akuyendera ndodo, ndipo ma shoo ake ambiri analetsedwa. Woimba Youssou N'Dour wa ku Senegal, ndi kutchuka kwake konse ndi wailesi zakezake, anakanidwa kupikisana nawo pa upulezidenti mu 2012 chifukwa akuti masiginecha ovomerezeka sanakwane. Anathandiza Macky Sall, n'kupatsidwa unduna.

Tibwere pa zimene zili pakhomo panu lero, chifukwa mndandanda uli kutali koma misonkhano ili pafupi. Ndinaonapo kangapo mmene zimakhalira. Lole imaima pabwalo la mpira m'mawa, jenereta ikulira, amayi agawiridwa makapulana, anyamata malaya ndi zipewa. Woimba amakwera dzuwa lili pamutu kuti anthu asabalalike, amaimba maola angapo kudikira mkulu amene akuchokera ku Tete. Mkulu akafika, maikolofoni amalandidwa nyimbo ili pakati. Madzulo woimba amazungulira kufunafuna amene anamulonjeza envelopu, ndipo amauzidwa kuti abwere mawa ku sede. Zikatha zonse, makanema amatsala m'mafoni a anthu. Mwini ukwati wa chipani china, amene chaka chatha anamuitana, chaka chino aitana wina osanena chifukwa. Ku Lilongwe kapena ku Blantyre woimba angataye theka la omukonda n'kukhalabe ndi bwalo lodzaza. Ku Ulongwe, kumene aliyense amadziwa amene wakwera lole ya yani, theka limenelo ndilo ndiwo za panyumba.

Choncho asiyanitse zinthu ziwiri zimene akuluakuluwo aziphatikiza dala. Kuimba pamsonkhano ndi ganyu. Kuima pachisankho ndi moyo wina. Akhoza kuchita chimodzi osachita chinzake, ndipo asalole kuti alipidwe ganyu ya lero ndi lonjezo la zaka zikubwerazo. Chinanso, nyimbo imene yamutchukitsayo si yake yekha tsopano. Alimi amene akuitumizirana amaikonda chifukwa ikunena za thumba la feteleza limene onse amagula pa mtengo umodzi, kaya amavotera yani. Akadzamupempha kuti asinthe mawu ake alowetsemo dzina la chipani, akane. Ngati akufuna kuwaimbira, awapekere ina yatsopano, imeneyo ikhale yawo, idzathe ndi kampeni.

Inu mukuti mumusiye kapena ayi. Ine ndikanakhala inu ndikanamuuza kuti adikire kaye, osati chifukwa ndale n'zoipa, koma chifukwa ali ndi nyimbo imodzi. Lucius polowa m'nyumba ya malamulo anali ndi zaka khumi za zimbale zotsatizana, gulu lake ndi zida zake, moti atatuluka kundende anali ndi kobwerera. Mnyamata wanu akagwa lero abwerera kuti? Chisankho cha mamunisipiyo chikubwera mu 2028, cha dziko lonse mu 2029. M'zaka zimenezi ajambule nyimbo zina, alowe m'bungwe la alimi kapena la ogulitsa pamsika aone mmene nkhani imayendera kuchoka padandaulo kufika papepala losainidwa, akakhalepo pa zokambirana za assembleia ya munisipiyo monga womvera, aone ngati angapirire maola atatu akumva za ndalama za zinyalala. Akonze chitupa chake cha BI, khadi lovotera ndi registo criminal, pepala losonyeza ngati anapalamulapo mlandu, zonse zenizeni, zodzera pakhomo la kutsogolo.

Akuluakuluwo akadzabweranso, mukhalepo inuyo, musamusiye yekha. Apatseni mpando, amwe madzi, kenaka mufunse mwaulemu kuti pa msonkhano uliwonse mwanayo azilandira zingati, azilandira asanakwere kapena atatsika, mafuta a jenereta ndi transipoti ya anzake alipira ndani, ndipo zida zikawonongeka pachipwirikiti adzakonza ndani. Za mndandanda muwapemphe atchule nambala pamaso panu ndi pamaso pa mayi ake.